Mapepala okutira katundu opangidwa kuchokera ku ulusi wa zomera ndi mafuta achilengedwe: mafunso ndi mayankho

Chiletsereni majumbo opyapyala m'dziko muno, amalonda ambiri mumzinda wa Lilongwe, kuyambira amayi ogulitsa mandasi kudepoti mpaka eni mafakitale a ku Kanengo, akhala akufunsa ngati pali china chimene angamakutire nacho katundu wawo. Chimodzi mwa zinthu zimene zikutchulidwa kawirikawiri ndi mapepala ooneka ngati pulasitiki, koma opangidwa kuchokera ku ulusi wa zomera ndi mafuta achilengedwe, amene opanga ake amati amawola akatayidwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu ayenera kukhala ndi mayankho ake asanaike ndalama zake pa mapepala otere.

Kodi mapepala amenewa ndi chiyani kwenikweni, ndipo akusiyana pati ndi jumbo wamba?

Jumbo imene tinazolowera imapangidwa ndi polyethylene, pulasitiki wochokera ku mafuta ndi gasi wa pansi pa nthaka. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi, timene timawoletsa masamba, ndowe ndi zotsala za chakudya, sititha kuigaya, choncho jumbo ikatayidwa siwola, koma imangofumbutuka ndi dzuwa n'kusanduka tizidutswa timene timatsala m'nthaka ndi m'madzi kwa zaka zambirimbiri.

Mapepala amene tikunena pano maziko ake ndi selulozi, ulusi umene umalimbitsa phesi la chimanga, thunthu la nthochi, khonje ndi mtengo uliwonse. Thonje la kumunda lili ndi selulozi pafupifupi 90 peresenti, pamene matabwa ali ndi pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Ulusi umenewu amausakaniza kawirikawiri ndi sitachi ya chinangwa, chimanga kapena mbatata, n'kuthiramo giliserini kuti pepala lizipindika osathyoka, komanso mafuta kapena phula kuti lisamamwe madzi msanga. Popeza nkhungu, mabakiteriya ndi chiswe zakhala zikudya selulozi ndi sitachi kuyambira kalekale, pepala lotere likagwera pamalo a chinyontho ndi mpweya wokwanira limagayika n'kusanduka madzi, mpweya wa carbon dioxide ndi manyowa.

Kodi ndi luso latsopano?

Ayi. Makolo athu ankasunga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku, ndipo mkate wa nthochi mpaka lero umaphikidwa m'masamba a nthochi. Ngakhale pepala loonekera mkati lochokera ku zomera ndi lakale kuposa jumbo. Katswiri wa ku Switzerland, Jacques Brandenberger, anapanga cellophane kuchokera ku selulozi ya mitengo mu 1908, pamene jumbo ya zogwirira imene tikuidziwayi, yomwe anaikonza Sten Gustaf Thulin wa ku Sweden, inalembetsedwa mu 1965. Cellophane yoyambayo inali ndi vuto lakuti chinyontho chinkadutsamo mosavuta, mpaka mu 1927 pamene kampani ya DuPont inapeza njira yoimatira ndi mankhwala otchinga chinyonthocho. Vuto limene linavutitsa anthu zaka zimenezo ndi lomwenso akulimbana nalo akatswiri a masiku ano, kungoti tsopano akufuna kulithetsa ndi mafuta a zomera m'malo mwa mankhwala amene sawola.

Amapangidwa bwanji?

Ntchito imayamba ndi kupatula ulusi. Mapesi, makungwa a nthochi kapena zotsala za nzimbe amaziduladula, kuziyanika ndi kuzigaya, kenako n'kuziwiritsa m'madzi a kositiki, yemweyo amene opanga sopo amagwiritsa ntchito. Kositiki amasungunula lignin, utomoni wolimba umene umamatirira ulusi pamodzi, ndipo madzi amada bii. Zotsalazo amazitsuka kangapo mpaka ukali wa kositiki utatha, ndipo amene akufuna pepala loyera amaziyeretsanso ndi hydrogen peroxide.

Pambali amakhala akuphika sitachi m'madzi mpaka italimba n'kuyamba kuonekera mkati. Aliyense amene anaphikapo phala amadziwa kansalu kopyapyala kamene kamauma m'mphepete mwa poto n'kumatuka kokha. Pepala la sitachi ndi kansalu komweko, kungoti kopangidwa mwadala komanso kolimbitsidwa ndi ulusi. M'phalamo amathiramo giliserini, ulusi uja ndi mafuta, n'kutakasa mwamphamvu ndi makina kuti mafutawo agawike timadontho ting'onoting'ono tosayandama pamwamba. Akatero amathira phalalo pa galasi kapena pa thireyi yosalala, kulisalaza kuti likhale lofanana paliponse, n'kulisiya kuti liume asanalimatule.

Umu ndi mmene amachitira m'malabotale ndi m'timafakitale tating'ono. Mafakitale akuluakulu amasungunula zosakanizazo ndi kutentha n'kuzifufumitsa ndi mpweya m'makina ofanana ndi opangira majumbo, ndipo kuti zimenezi zitheke nthawi zambiri amawonjezeramo mapulasitiki ena owola, monga PLA wochokera ku shuga wa zomera kapena PBAT, amene amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka ngakhale kuti amawola.

Madzi akuda otsala powiritsa ulusi aja si otaya m'ngalande. Fakitale imene ingamawatsanulire mu mtsinje wa Lingadzi kapena wa Lilongwe osawasungunula ukali wake ingawononge zambiri kuposa majumbo amene ikufuna kulowa m'malo mwake.

Nanga mafuta amalowamo chifukwa chiyani?

Funso limeneli ndiye pagona nkhani yonse. Selulozi ndi sitachi zimakonda madzi kwambiri. Pepala lopanda mafuta likakhala pamalo ouma limalimba bwino, limatchinga mpweya wa oxygen umene umawononga chakudya, ndiponso mafuta a chakudyacho sadutsamo, koma likangokumana ndi chinyontho limafewa, kumata m'manja ndi kung'ambika. Mu Lilongwe zimenezi zikutanthauza kuti pepala limene lagwira bwino ntchito mu Julayi ndi mu Okutobala lingakukhumudwitseni mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula ili pakati ndipo ngakhale mchere wa m'nyumba umachita madzi.

Mafuta sasakanikirana ndi madzi, choncho timadontho take tikamwazikana m'pepala timatseka njira zimene chinyontho chimadutsamo. Amene amagwiritsidwa ntchito ndi monga a soya, a mpendadzuwa, a kanjedza ndi a nsatsi, komanso phula la njuchi ndi la carnauba lochokera ku mtengo wina wa ku Brazil. Ena sawasakaniza m'phala, koma amawapaka pamwamba pa pepala louma kale, ndipo njira imeneyi kawirikawiri imatchinga madzi bwino kuposa kusakaniza, ngakhale imawonjezera ntchito.

Palinso gulu lina la mafuta onunkhira otchezedwa kuchokera ku masamba, makungwa ndi maluwa, limene ntchito yake ndi ina. Mafuta a cloves ali ndi eugenol, a sinamoni ali ndi cinnamaldehyde, a thyme ali ndi thymol, ndipo a udzu wa mandimu, umene ambiri timaubzala kuseri kwa nyumba n'kumathira mu tiyi, ali ndi citral. Mankhwala achilengedwe amenewa amachedwetsa kukula kwa nkhungu ndi mabakiteriya ena, motero pepala lokhala nawo limatha kuthandiza buledi, zipatso kapena nsomba zouma kukhala masiku owonjezera zisanachite nkhungu.

Koma mafuta ali ndi malire ake. Akachuluka, pepala limachepa mphamvu, limachita mbuu osaonekanso mkati, ndipo nthawi zina limatuluka mafuta pamwamba moti inki siigwira. Mafuta a zomera akakhalitsa padzuwa amasintha fungo, pamene onunkhira aja amauluka pang'onopang'ono mpaka mphamvu yake itatha, ndiponso fungo lawo limalowa m'chakudya. Fungo la sinamoni lingakhale bwino pa mabisiketi, koma wogula usipa sangalilandire. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, pepala la ulusi ndi mafuta silifika pa polyethylene pa nkhani yotchinga chinyontho. Wogulitsa amene angakuuzeni kuti lake likufanana ndi jumbo pa chilichonse mumufunse kuti wawonjezeramo chiyani.

Ndi katundu wanji amene angakutidwe ndi mapepala amenewa?

Amachita bwino ndi katundu wouma komanso wosakhalitsa pa shelefu: mtedza wokazinga, mbuliwuli, tiyi, zonunkhiritsa ndiwo, sopo, mabisiketi, zovala ndi zinthu zosema. Mandasi, zitumbuwa ndi samusa zimakhalanso bwino malinga zikhale zitazizira, chifukwa mafuta ake sadutsa. Chimene chimawononga pepala ndi nthunzi ya chakudya chotentha. Pa chifukwa chomwecho chipisi chongochoka pa chiwaya chimafuna pepala lokhuthala lopakidwa phula, osati lopyapyala loonekera mkati.

Zamadzi ndiye ayi. Mafirizesi, thobwa, mkaka, chambiko ndi mafuta ophikira ogulitsa pang'onopang'ono sizingasungike m'pepala la sitachi ndi ulusi. Nyama yaiwisi, nkhuku zoika m'firiji ndi chambo chongovuulidwa kumene zimatuluka madzi amene amafewetsa pepala m'maola ochepa. Ufa wa wokumani ndi shuga wopima pang'ono zingatheke ngati zikugulidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, koma osati zokhala pa benchi milungu ingapo nthawi ya dzinja.

Posunga mbewu musayese n'komwe. Matumba a PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue, amapha anankafumbwe chifukwa mapulasitiki ake awiri a mkati salola mpweya kudutsa kwa miyezi yambiri, ndipo pepala limene linapangidwa kuti lidzawole silingagwire ntchito imeneyo. Mtedza wosungidwa m'chinthu cholowa chinyontho umachita chuku, chomwe chimabweretsa poizoni wa aflatoxin.

Kodi amawoladi, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuwola kumadalira zinthu ziwiri: zimene zili m'pepalamo ndi malo amene latayidwa. Tizilombo towoletsa timafuna chinyontho, kutentha ndi mpweya. Pepala lopyapyala la sitachi, ulusi ndi mafuta okha likakwiriridwa m'dimba lonyowa limatha m'milungu kapena miyezi yochepa, koma lomwelo likakodwa pa mpanda wa waya m'chilimwe limangouma n'kukhala pomwepo mpaka mvula yoyamba.

Mapepala okhala ndi PLA wambiri ndi nkhani ina. PLA amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 58 kwa nthawi yaitali kuti ayambe kugayika bwino, ndipo kutentha kotero kumapezeka m'malo akuluakulu opangira kompositi kumene mulu umatembenuzidwa ndi kuyezedwa nthawi zonse. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432 umafuna kuti m'malo otero pepala liphwanyike m'milungu 12, moti zotsala zokula kuposa mamilimita awiri zisapitirire 10 peresenti, komanso kuti 90 peresenti yake ikhale itagayika m'miyezi isanu ndi umodzi. Muyezo wa ku America wofanana nawo ndi ASTM D6400. Pepala lingakwanitse miyezo imeneyi koma n'kukhalabe zaka m'dzala la kuseri kwa nyumba ku Kawale kapena ku Area 25, chifukwa dzala lotero silitentha kufika pamenepo.

Umboni wakuti jumbo yolembedwa kuti ndi yowola ingakhale zaka osawola ulipo. Mu 2019 Imogen Napper ndi Richard Thompson a pa yunivesite ya Plymouth ku Britain anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anasiya majumbo osiyanasiyana m'dothi, m'nyanja ndi panja kwa zaka zitatu. Ena mwa majumbo olembedwa kuti ndi owola atawafukula anali akadali olimba moti anatha kunyamula katundu wogula kusitolo osang'ambika.

Ku mtaya wa ku Area 38, kumene zinyalala zamtundu uliwonse zimaunjikidwa pamodzi, pepala lokwiririka pansi pa mulu limasowa mpweya. Likawola m'malo otero limatulutsa methane, mpweya umene umatenthetsa dziko kwambiri kuposa carbon dioxide, ndipo phindu la manyowa limene likanapita kumunda limatayika.

Ndingadziwe bwanji kuti pepala limene akundigulitsa ndi lenileni?

Mawu akuti biodegradable olembedwa okha pa jumbo, popanda kutchula muyezo, nthawi ndi malo owolera, sakutsimikizira kanthu. Funani chizindikiro cha bungwe loyeza komanso nambala ya satifiketi. Kwa ife kuno chizindikiro chothandiza kwambiri ndi chosonyeza kuti pepala limawola mu kompositi ya pakhomo, monga OK compost HOME cha bungwe la TÜV Austria, chifukwa chimayezedwa pa kutentha kwa pakati pa madigiri 20 ndi 30, kumene kuli pafupi ndi mmene dzala lathu limakhalira.

Pali mitundu iwiri imene imasokoneza anthu. Woyamba ndi wa majumbo olembedwa kuti oxo-degradable kapena oxo-biodegradable. Amenewa ndi polyethylene wamba wothiridwa mankhwala omufumbutsa msanga padzuwa, ndipo chimene chimatsala ndi tizidutswa ta pulasitiki. Mayiko a mu European Union anawaletsa kuyambira mu Julayi 2021. Wachiwiri ndi wa polyethylene wopangidwa kuchokera ku nzimbe, monga amene amapangidwa ku Brazil. Ngakhale gwero lake ndi chomera, akamalizidwa amakhala pulasitiki yemweyo ndipo sawola.

Amene akufuna kugula zambiri angachite bwino kupempha zitsanzo kaye. Dulani tizidutswa tofanana, tina mutikwirire m'dothi lonyowa la m'dimba pamodzi ndi kachidutswa ka jumbo wamba ndi ka nyuzipepala kuti muzifanizira, n'kumafukula pakapita milungu iwiri iliyonse. Tina mukutire katundu wanu weniweni n'kumusiya pamalo amene mumagulitsira, makamaka nthawi ya mvula. Kuyesa kotere sikulowa m'malo mwa labotale, koma kumaulula msanga pepala labodza.

Malamulo a dziko lino akuti chiyani?

Malamulo a 2015 okhudza mapulasitiki analetsa kupanga, kuitanitsa kuchokera kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60, omwe ndi mamilimita 0.06. Makampani ena opanga mapulasitiki anakatenga ziletso kukhoti, ndipo ngakhale khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julayi 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, milandu ina inapitirira kwa zaka zingapo pambuyo pake. Mmodzi mwa amene analimbikira kuti lamuloli ligwire ntchito, Gloria Majiga-Kamoto, analandira mphoto ya Goldman ya oteteza zachilengedwe mu 2021. Malawi sali yekha pa nkhaniyi, pakuti Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017 ndipo Tanzania mu 2019.

Bungwe loona kuti lamuloli likutsatidwa ndi la boma loteteza zachilengedwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la zachilengedwe la 2017, pamene za miyezo ya katundu ndi chitetezo cha zokutira chakudya zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards. Popeza mapepala ambiri owola ndi opyapyala kuposa mamaikironi 60 ndipo ndi maso sasiyana ndi jumbo yoletsedwa, amene akufuna kuitanitsa kapena kupanga ayenera kupita ku mabungwe awiriwa ndi zitsanzo komanso masatifiketi, n'kutenga yankho lolembedwa katundu asanafike pa chipata cha Mchinji kapena Dedza.

Kodi zipangizo zake zilipo kuno kwathu?

Zilipo, koma si zaulere monga ena amaganizira. M'maboma a Lilongwe, Mchinji, Dowa ndi Kasungu mumatsala mapesi, makoko a mtedza ndi zitsononkho zambiri chaka chilichonse, ndipo soya ndi mpendadzuwa zimalimidwa komweko. Chinangwa chimachuluka ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay, mankhusu a mpunga ku Karonga ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo zotsala za nzimbe zili ku Dwangwa, ku Nchalo ndi ku Salima.

Komabe pafupifupi chilichonse mwa zimenezi chili kale ndi mwini wake. Mafakitale a shuga amawotcha zotsala za nzimbe kuti apeze nthunzi ndi magetsi. Mapesi ndi chakudya cha ng'ombe m'chilimwe, ndiponso alangizi akhala akulimbikitsa alimi kuwayala m'munda pa ulimi wa mtayakhasu kuti nthaka isunge chinyontho. Nthochi zinachepa kwambiri chifukwa cha matenda a chisaka, moti zambiri zimene zimagulitsidwa mumzinda muno zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chinangwa ndi mafuta ophikira ndi chakudya cha anthu, ndipo sikungakhale kwanzeru kusandutsa kondowole kukhala chokutira m'chaka cha njala. Njira yoyenera ndi kuyamba ndi zimene zikuwotchedwa kapena kungotayidwa, monga makoko a chinangwa, zitsononkho ndi makungwa a nthochi zodulidwa kale, ndipo kafukufuku wofuna kudziwa kuti ndi ziti zimene zingapereke pepala labwino ndi ntchito yoyenera masukulu monga LUANAR ku Bunda.

Dziko la Bangladesh, limene linaletsa majumbo opyapyala mu 2002, linatsata njira yogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka komweko. Katswiri wa kumeneko, Mubarak Ahmad Khan, anapanga jumbo yotchedwa Sonali kuchokera ku selulozi ya jute, mbewu ya ulusi wopangira masaka imene alimi awo amalima kale yambiri.

Kodi ndi otetezeka ku chakudya? Nanga mbuzi ikadya?

Kuchokera ku chomera sikutanthauza kuti chinthu chilibe vuto. Kositiki akapanda kutsukidwa bwino amatsalira m'pepala, mapesi angakhale ndi mankhwala ophera mbozi kapena nkhungu, ndipo inki ndi guluu zingakhale ndi mankhwala amene amalowa m'chakudya chamafuta. Mafuta onunkhira akachuluka amawotcha khungu ndi mkamwa. N'chifukwa chake pepala lokhudzana ndi chakudya liyenera kuyezedwa ngati chokutira china chilichonse.

Za ziweto, opha mbuzi ambiri anaonapo mpukutu wa majumbo m'chifu cha mbuzi yowonda. Mbuzi ndi ng'ombe zili ndi tizilombo m'mimba togaya selulozi ndi sitachi, choncho pepala la zinthu ziwirizi zokha siloopsa ngati polyethylene. Koma losakanizidwa ndi PLA kapena PBAT siligayika msanga m'mimba, ndipo liyenera kusungidwa kutali ndi ziweto.

N'chifukwa chiyani ndi okwera mtengo?

Polyethylene amapangidwa wochuluka kwambiri padziko lonse ndi makina amene anakhazikika kalekale, pamene mapepala owola amapangidwa ochepa, amafuna magetsi ambiri poumitsa, ndipo ambiri mwa amene angapezeke kuno ndi ochokera kunja, zimene zimafuna ndalama zakunja zomwe n'zosowa. Wogulitsa tomato pa msika wa Lizulu kapena wa Wakawaka, amene phindu lake pa mulu umodzi ndi lochepa, sangakwanitse kupereka pepala lotere kwaulere. Pa malonda otero dengu, chikwama cha chitenje kapena kontena imene wogula wabwera nayo kuchokera kunyumba ndi zotsika mtengo kuposa chokutira chilichonse chogwiritsa ntchito kamodzi. Mapepala owola akuyenera kwambiri amene amagulitsa katundu wopakidwa kale m'masitolo ndi m'mahotela, komanso otumiza khofi, tiyi, tsabola ndi makademiya kunja, kumene ogula ena amafunsa za chokutira.

Ndiwasunge bwanji, ndipo ndikatha kugwiritsa ntchito ndiwataye kuti?

Asungeni m'katoni yotseka, pamwamba osati pa simenti, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho, komanso kumene mbewa ndi mphemvu sizifika, chifukwa kwa izo sitachi ndi chakudya. Musagule ochuluka oti akhale chaka chonse, pakuti akakhalitsa amauma n'kumathyoka popinda.

Mukatha kugwiritsa ntchito, ang'ambeni tizidutswa n'kuwaika mu kompositi pamodzi ndi makoko a masamba, ndowe ndi phulusa pang'ono, muzithirira ndi kutembenuza mulu monga mwa nthawi zonse. Zomata za mtengo ndi selotepu muzichotse kaye, chifukwa nthawi zambiri zimakhala za pulasitiki wamba. Musawaphatikize ndi mapulasitiki amene anthu amatolera kukagulitsa kwa osungunula, popeza sitachi ndi ulusi zimafooketsa pulasitiki watsopano amene angapangidwe, ndipo otolerawo angabwezeredwe thumba lonse. Ngati pa pepala palembedwa kuti limawola m'malo akuluakulu opangira kompositi okha, funsani amene anakugulitsani ngati ali ndi dongosolo lotolera mapepala ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ngati alibe, ulendo wina mugule mtundu wowola pakhomo.